Msoko wa Diresi la Belita

Katija anatsamiritsa foni pachitini cha mabatani, naipendeketsa pang'ono kuti izitenga makina ndi manja ake okha. Linali Lachinayi m'mawa, dzuwa litangofika pakhonde la sitolo pamene ankasokera pa Boma la Phalombe, ndipo aka kanali kachisanu kuyesa kujambula vidiyo ya pa Tikitoki. Zinayi zoyambazo anaonera anthu osakwana makumi awiri, ndipo Katija ankaganiza kuti theka la anthuwo anali iye mwini.

Anali atatopa nako kusamukasamuka. Kale anthu ankangouzana pakamwa kuti pa Boma pali mayi wachisilamu amene msoko wake suphwasuka. Kenaka kunabwera Fesibuku, iye naphunzira kuika zithunzi. Atangozolowera, makasitomala anathawira ku Watsapu, ndipo kumeneko mtima wake unakhala pansi, chifukwa sitetasi inkamumvera: ankasankha yekha woona ndi wosaona. Diresi la mkwatibwi ankalibisa kwa akuchimuna. Zovala za mkazi wamng'ono ankazibisa kwa mkazi wamkulu. Telala amadziwa zambiri, pakuti tepi sinama. Imadziwa amene akuonda ndi matenda, amene akunenepa ndi mtendere, ndi amene akunenepa malo amodzi okha. Kwa zaka khumi ndi ziwiri Katija anali asanatayepo chinsinsi cha munthu, ndipo ankanyadira chimenechi kuposa msoko wake.

Koma chaka chino sitetasi inazizira. Eveles, telala wa kutsidya kwa msewu, ndiye anamuuza chifukwa chake.

"Achemwali, anthu anasamuka kale kumeneko. Panopa ndi Tikitoki. Safuna chithunzi chongoti duu ayi. Akufuna amve makina akulira, amve mukucheza ndi kasitomala. Zanu zija mumangoti zii ngati pasiwa."

Foni ili mkati mojambula, Belita anatsika panjinga ya kabaza atakumbatira jumbo. Anali wa kwa Nazombe, mkazi wa mlimi wa nandolo, ndipo ankadutsa matelala onse a m'njira kudzasoketsa kwa Katija kuyambira diresi lake la ukwati. Katija ankadziwa zimene ambiri ankangonong'onezana: Belita anapita padera katatu. Katatu konseko Katija anakulitsa zovala zake, ndipo katatu konseko anazibwezeranso mwakale osafunsa kanthu.

Belita anatulutsa diresi lake lobiriwira la maluwa achikasu, lija ankavala kutchalitchi, naliyala pamakina.

"Mumasule msoko wa m'mbalimu, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Mwezi wachinayi uno. Ngakhale apongozi sakudziwa. Ine ndi bambo akunyumba basi, inu ndinu wachitatu."

"Mulungu asunge," anayankha Katija, nazunguliza tepi m'chiuno mwake. "Koma ndimasule wambiri, chifukwa ameneyu akuoneka kuti ndi wadyera."

Belita anaseka. Kunali kuseka kumene Katija anali asanakumve kwa zaka, kochokera pansi pamtima, ndipo naye anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

Masana, Belita atapita, Katija anaionera vidiyo ija. Inali yokoma. Lumo linkayenda bwino pansalu, nkhope sizinkaoneka, ndipo kuseka kuja kunaipatsa moyo umene zinayi zoyamba zinalibe. Mawu a Belita ankamveka ndithu, ngakhale chapansipansi. Katija anawamva, asaname. Choncho anachita zimene ankachita nthawi zonse asanaike sitetasi: anatsegula mndandanda wa anthu omutsatira, nawerenga dzina limodzilimodzi. Munalibe aliyense wa kwa Nazombe. Anakhutira kuti wasamala, naitumiza. Eveles anali kutsidya kwa msewu pomwepo, koma Katija sanafune kuoneka mbuli kawiri pa sabata imodzi. Safunsa anadya phula. Sanadziwe kuti kumalo atsopanowa vidiyo siyendera mndandanda, imagogoda pakhomo la aliyense.

Pofika Lachisanu madzulo anthu zikwi zitatu anali ataionera. Loweruka m'mawa foni inayamba kulira Katija asanatsegule n'komwe makina. Mayi wina wa ku Migowi ankafuna madiresi a aperekezi asanu ndi mmodzi. Wina anali ku Limbe. Eveles anawoloka msewu akuwomba m'manja.

"Ndinanena ine! Mwaona? Musaikhudze imeneyo, isiyeni iyende."

Ndi m'mawa womwewo pamene Katija, akuwerenga ndemanga za anthu, anapeza ina yakuti, "Diresi ili ndi la a Belita a kwathu kwa Nazombe. Mawunso ndi awo. Wachinayi eti? Zabwino zonse mayi." Pansi pake wina anawonjezera kuti, "Ulendo uno zikhale bwino."

Anaika chala pamalo ofufutira. Foni inalira, kasitomala wina. Atatha kulankhula naye, anadziuza kuti ndemanga ziwiri si mudzi. Anadziuza kuti amene amva amva kale, madzi akatayika sawoleka. Anadziuzanso kuti adikire kaye mayi wa ku Migowi atumize miyezo. Zifukwa zinali zambiri ndipo zonse zinali zomveka, monga zimakhalira munthu akafuna kuchita chimene akudziwa kuti n'cholakwika. Tsiku lonse anasoka ndi mtima wolemera, akuchita manyazi, koma akusuzumirabe pafoni kuti aone pamene nambala yafika. Anaifufuta Lamulungu madzulo, itadutsa zikwi khumi ndi ziwiri, ndipo nthawi imeneyo n'kuti anthu ataikopera kale m'magulu a pa Watsapu.

Lolemba sanatsegule. Anasita diresi lija, nalikulunga m'pepala, nakwera njinga yamoto kupita kwa Nazombe. Njira yonse ankakonza mawu, ndipo atafika anali atawaiwala onse.

Anapeza Belita atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba akusola nandolo. Belita anamulandira mwaulemu, namuyalira chitenje, namufunsa za kunyumba. Ulemuwo ndi umene unamuopsa Katija.

"Ndabwera ndi diresi," anatero. "Ndabweranso kudzapepesa."

Belita anapitiriza kusola. "Dzulo kutchalitchi azimayi anandipatsa mpando wotsamira. Ine, wa pamkeka masiku onse. Apongozi anabwera Loweruka, akuti amve kwa anthu a pachigayo ngati kuti m'nyumba muno alibemo mwana wawo. Ena akuti ndisamayende ndekha, pali anthu omanga mimba za anzawo. Sindikudziwa ngati ndimakhulupirira zimenezo, achemwali. Koma kuyambira Loweruka sindikugona."

"Sindinadziwe kuti ifika kuno. Ndinayang'ana mayina onse, ndithu."

"Ndakhulupirira." Belita anakweza maso. "Mukudziwa chimene ndinkabisira? Si ufiti ayi. Maulendo atatu aja mudzi wonse unkawerenga nane miyezi. Zikachitika, aliyense amabwera kudzandiona nkhope. Ndinati ulendo uno, ngati n'kulira, ndilire ndekha m'nyumba, m'mawa ndipite kumunda ngati munthu. Chimenecho chokha ndi chimene ndinadzisungira."

Nkhuku inabwera kudzatola nandolo wogwa, ndipo palibe anaipirikitsa.

"Ndikufunseni chinthu chimodzi," anatero Belita. "Munadziwa liti kuti anthu andizindikira?"

Bodza linali pafupi, ndipo palibe akanamugwira nalo. Koma Katija anaona kuti akanama apa, pa zaka khumi ndi ziwiri zija sipatsala kanthu.

"Loweruka m'mawa."

"Munachotsa liti?"

"Dzulo madzulo."

Belita anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu pamsika. Sanakalipe. Anapukuta manja, natsegula pepala lija, nayendetsa chala pamsoko watsopano kuchokera kukhwapa mpaka m'munsi.

"Mwasoka bwino," anatero. "Inu simulakwitsa msoko. Muyende bwino, achemwali, dzuwa lisanakule."

Miyezi yotsatira ntchito inachuluka. Katija anagula makina achiwiri, naphunzira kudula mawu pa vidiyo, naphunziranso kufunsa kasitomala aliyense asanayatse foni. Anthu ankamutchula kuti mayi a pa Tikitoki. Eveles anayamba kunena za malo enanso atsopano amene achinyamata akuthamangira, ndipo Katija ankangomvera. Mwakachetechete iye ankawerenga miyezi. Wachisanu ndi chiwiri. Wachisanu ndi chitatu. Popemphera swala iliyonse ankatchula dzina la mkazi wachikhristu wa kwa Nazombe, koma nambala yake sankalimba mtima kuiimba. Akaona munthu wochokera kumeneko ankafuna kufunsa, n'kukumbukira kuti iye ndi amene analibe ufulu wofunsa.

Mvula itayamba, tsiku lina la msika, anamuona. Belita anatsika minibasi, wowonda pang'ono, kumbuyo atabereka mwana. Katija anaimirira osadziwa kuti waimirira, tepi ili m'khosi. Chimwemwe chinamugwira. Mwana! Wamoyo, wa kamutu kodzaza tsitsi!

Belita anamuona. Anaima, nawerama pang'ono monga amachitira munthu kwa mayi amene amamudziwa, Katija nayenso anawerama. Kenaka Belita anakonza jumbo m'khwapa napitirira, kudutsa khonde la Katija, kudutsa la Eveles, mpaka pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa msika. Pamenepo pankasokera a Tobias, nkhalamba ya maso ofooka imene misoko yake inkakhota ngati njira ya kudambo, ndipo foni yawo inali ya mabatani, yomangidwa ndi mphira. Belita anatulutsa kansalu koyera ka ubatizo nakapereka ndi manja awiri.

"Mayi, foni yanu ikulira," anatero kasitomala wina pa benchi, pamene panali azimayi anayi akudikira kuyezedwa.

Katija anaileka ilire. Anayang'anabe kumtengo kuja, kumene a Tobias ankavutika kulowetsa ulusi pa singano, ndipo kaphazi ka mwanayo kanali katatuluka m'chitenje, kakugwedezeka. Sankadziwa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndipo panalibe womuuza.