Mbedza ya M'mimba mwa Magalita

Fulansisi anafika pa famu ya fodya ija, cha ku Madzimoyo, m'chaka cha 1957, sukulu zitangotsekera. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, mnyamata woti ukamufunsa dzina ankayamba wayang'ana zala zakumapazi. Anabwera kudzakhala ndi amalume ake, a Yosefe, amene ankayang'anira damu la mzungu mwini famuyo.

M'damumo munali nsomba zachilendo zotchedwa kaapu, zonenepa, za mamba akuluakulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Mzunguyo anazibweretsa m'migolo kuchokera kumwera zidakali ngati matemba, ndipo amene anazilera ndi a Yosefe. Lachisanu lililonse ankawedza ziwiri zapakatikati zopita kukhitchini ya bwana. Ina iliyonse ikagwidwa inkayenera kubwerera m'madzi yamoyo, makamaka zinayi zikuluzikulu zoikira mazira. Bwana anali atanena pamaso pa antchito onse kuti tsiku limene imodzi mwa zinayizo idzafe ndi mbedza, Yosefe adzakulunge mphasa yake achoke pa famu.

Lachisanu loyamba a Yosefe anamupatsa Fulansisi nsungwi yowedzera. Pa chingwe panali kaphesi koyandama, kutalika kwake ngati chala, kansonga kake atakapaka choko. Kumunsi kunali kamtovu ndi mbedza yaing'ono yobisika m'njere ya chimanga chophika.

"Unawedzapo?" anafunsa a Yosefe.

"Eya, amalume. Ku Lutembwe. Milamba."

"Chabwino. Ponya pafupi ndi bango apo."

Fulansisi anaponya, mumtima akudziona katswiri. Kwawo mwana aliyense ankadziwa kawedzedwe ka mlamba. Ukamva ikugwedeza sukoka, umaisiya idye, imeze, iyambe ulendo, ndiye umakoka yonse ili m'khosi. Wokoka msanga anzake ankamuseka kuti ndi wa njala.

Kaphesi kanagwedera. Kanamira pang'ono, n'kutulukanso. Kenaka kanamiriratu, chingwe n'kuyamba kuyenda. Fulansisi anadikira, akuwerenga chamumtima monga ankachitira kwawo. A Yosefe, amene anali chakumbali akukonza nyambo, anatembenuka n'kukuwa.

"Koka! Iwe, koka! Ukudikira belu?"

Nsomba inatuluka, yaing'ono, yosakwana n'komwe muyezo wa kukhitchini. Chingwe chinali chitalowa m'kamwa mpaka kusaoneka mbedza. Magazi ankatuluka m'mbali mwa mutu, momwe nsomba imapumira. A Yosefe anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu si mlamba," anatero. "Mlamba ukaugwira umaudya, ndiye ameze asameze zilibe kanthu. Koma uyu tinafunika kumubweza. Ubweza bwanji chinthu chimene wachilasa m'mimba?"

Nsombayo inapita kukhitchini ngati imodzi mwa ziwiri zija, ndipo kuki anaiseka kuchepa kwake mpaka famu yonse inamva kuti muphwa wa Yosefe wapha khanda.

Kuyambira tsiku limenelo a Yosefe anamuphunzitsa mwakhama, ndipo sankamunyengerera. Anamuonetsa kuyeza kuya kwa madzi, kukweza ndi kutsitsa kaphesi mpaka njere ingokhudza matope, chingwe chisakhale ndi mpata wolendewera. Mpata umenewo, anati, ndi umene nsomba imamezera iwe uli phee osadziwa. Kamtovu kakhale pafupi ndi mbedza, zala zinayi basi, kuti nsomba ikangonyamula njere kaphesi kanene. Kakamira, koka. Kakadzuka n'kugona chammbali, kokanso, chifukwa ndiye kuti yanyamula nyambo ikukwera nayo. Kukokako si kwa mphamvu, ndi kwa dzanja lokha, ngati ukuthamangitsa ntchentche.

Madzulo ena anatulutsa tupa n'kumuonetsa mbedza zawo. Iliyonse anali atapala kadzino kaja kobwerera m'mbuyo, mpaka kutsala posalala.

"Ikakola pa mlomo imangosoloka," anatero. "Ndipo tsiku lina ukadzachedwa, yameza, usadzakoke chingwe. Dula pakamwa pomwepo, uibweze. Nthawi zina imachira. Ukakoka wang'amba zonse."

Patapita milungu itatu Fulansisi anagwira nsomba zisanu ndi ziwiri m'mawa umodzi, zonse pa mlomo. Ankanyowetsa manja asanazikhudze, n'kuzigwira m'madzi mpaka zipalase zokha. Tsiku lomwelo anaona chinthu chachikulu chikudutsa pansi pa bango pang'onopang'ono, msana wakuda, utali ngati mkono wa munthu wamkulu.

"Ameneyo ndi Magalita," a Yosefe ananong'ona. "Wamkulu mwa zinayi zija. Ndinamupatsa dzina la mayi ako, chifukwa nayenso salandira chakudya asanachinunkhize."

Fulansisi anaseka mokweza, koyamba chibwerereni.

Lamulungu lotsatira a Yosefe anapita ku Misa, n'kumusiya Fulansisi kuti azithamangitsa akakowa pa damu. Bwana anali atapita ku tawuni ya Fort Jameson. Dzuwa litakwera pang'ono kunatulukira a Edmond, kalaliki wa pa famu, atavala kabudula woyera wositidwa ndi masokosi ofika m'mawondo. Anali bambo wodziwa Chingerezi, wolankhula ndi bwana osavula chipewa, ndipo antchito ankawaopa kuposa mzungu yemwe. M'manja anali ndi nsungwi ndi kachitini ka nyongolotsi.

"Ndiwe muphwa wa mdala Yosefe? Wopha makanda uja?"

"Ndine, akalaliki."

"Ndionetse pamene pamakhala zazikulu."

Fulansisi anayang'ana pansi. "Bwana anakaniza, akalaliki."

"Bwana akachoka pano, bwana ndi ndani? Ndingofuna kuiona, ndiibweza. Ine ndinayamba kuwedza iwe usanabadwe."

Sanadikire yankho. Anapita okha pa bango paja, poti aliyense ankawaona a Yosefe akuwazapo madeya. Fulansisi anaona mbedza yawo. Inali ya m'sitolo za amwenye, yaikulu, yonyezimira, kadzino kake kali njo. Kaphesi analibe. Anamangirira chitsekero cha botolo chachikulu ngati dzira, chingwe chakumunsi chitalendewera mikono iwiri.

Iye anafuna kunena. Mawu anali okonzeka, onse amene amalume anamuphunzitsa. Mwana angamuuze kalaliki kawedzedwe? Anangoima kumbuyo kwawo, akupotokola nsonga ya malaya.

Chitsekero chinagwedera, n'kuyamba kuyenda chammbali.

"Kokani, akalaliki," ananena motsitsa.

"Khala chete. Isiye idye."

"Imeza."

"Ndiye zimene tikufunazo. Nsomba uyenera kuipatsa ulemu, imalize kudya."

Chitsekero chinamira, chingwe chinawongoka, ndipo a Edmond anakoka ndi manja awiri ngati akuzula chinangwa. Nsungwi inapindika. Madzi anawinduka, ndipo Fulansisi anaona msana wakuda uja.

Anamukokera pa udzu Magalita, akupuma movutika, mimba yodzaza mazira. Chingwe chinali chitalowa chonse. A Edmond anamuponda ndi nsapato kuti asaphiriphithe, anakulunga chingwe pa dzanja, n'kukoka.

"Musakoke! Dulani!"

"Ndidule? Mbedza yatsopano iyi?"

Anakokanso kachiwiri. Panamveka kaphokoso kakang'ono m'kati mwa nsombayo, ndipo magazi anayenderera pa udzu. Apa Fulansisi sanadziwenso chimene akuchita. Anakankha mwendo wa a Edmond, anagwada, n'kudula chingwe ndi mano pakamwa penipeni pa nsomba. Anamunyamula Magalita pachifuwa n'kulowa naye m'madzi mpaka m'chiuno. Anamugwira choncho nthawi yaitali, akumuyendetsa pang'onopang'ono, mpaka mchira unagwedera, nsomba n'kutsetsereka kupita pansi chopendekeka.

"Wandikankha ine?" a Edmond anali akupukuta sokosi. "Mwana wopanda mwambo! Uziona."

A Yosefe atabwera n'kumva zonse, sanakalipe. Anakhala pa mtumbira wa damu, chipewa cha ku tchalitchi chili m'manja.

"Anakoka kangati?"

"Kawiri, amalume."

"Kawiri," anabwereza.

Lolemba Magalita sanaoneke. Lachiwiri sanabwere pa madeya. Lachitatu m'mawa Fulansisi anamupeza pa bango, mimba m'mwamba, akuyandama pakati pa masamba ouluzika ndi mphepo.

A Yosefe anamunyamula okha m'beseni kupita kukhonde la bwana, Fulansisi akutsatira. A Edmond anali atafika kale, ataima pafupi ndi mpando, akulankhula Chingerezi chofewa. Mwina ankaganiza kuti mwana wa kumudzi sangamve. Koma Fulansisi anali atamaliza Sitandade 5, ndipo anamva liwu lililonse. Ankanena kuti mnyamatayu anasiyidwa yekha pa damu, kuti anaphapo kale ina mwa njira yomweyo, kuki angachitire umboni, ndi kuti iwo podutsa anayesa kumuletsa, mnyamata n'kuwakankha.

Bwana anafiira mpaka m'khosi. Anatembenukira kwa a Yosefe n'kulankhula Chinyanja chake chopindika. "Yosefe, ine ananena chiyani? Iwe pita. Loweruka ine safuna kuona iwe."

A Yosefe anaika beseni pansi. "Ndamva, bwana."

Basi. Ndamva, bwana. Munthu amene analera nsombazo zaka zinayi, amene ankadzuka mbandakucha kukaziwazira madeya, ankachotsedwa ngati galu woba, ndipo wakuphayo ataima pomwepo ndi masokosi ake oyera. Fulansisi anakumbukira kuti Lamulungu lija anakhala chete mbedza isanalowe m'madzi, ndipo kukhala chete kumeneko ndi kumene kunali m'besenimo.

"Bwana," anatero m'Chingerezi cha ku sukulu, mawu akutuluka opyapyala. "Tumbulani nsombayo."

Onse anamuyang'ana.

"Mbedza ikadali m'mimba. Ndinadula chingwe ndine. Mbedza za amalume zonse zilibe kadzino, anapala ndi tupa. Tumbulani muone."

"Bwana, mwana uyu ndi wamwano," anayamba a Edmond, koma mzungu anakweza dzanja n'kuitana kuki.

Kuki anabwera ndi mpeni. Mazira anakhuthukira m'beseni, ambirimbiri, achikasu. A Yosefe anayang'ana kumbali. Kuki anapisa zala, n'kutulutsa mbedza yaikulu yonyezimira, kadzino kake katakola kanyama, kachidutswa ka nyongolotsi kakadali pomwepo. A Yosefe anatulutsa m'thumba kachitini ka mbedza zawo n'kukatsegula pa tebulo. Zinali zazing'ono, zakuda, zosalala zonse.

Bwana anatenga mbedza yaikulu ija n'kuitembenuza. Anayang'ana a Edmond nthawi yaitali. A Edmond ankayang'ana denga la khonde.

Fulansisi anadikira. Ankafuna kumva mawu omwe aja, akuti Loweruka, akunenedwa kwa a Edmond. Koma fodya anali pafupi kuwokeredwa, ndipo pa famu ponse wodziwa kulemba makalata a bwana anali mmodzi. Mzungu anaponya mbedza m'mbale ya phulusa la ndudu.

"Yosefe, iwe khala. Pita ku damu." Kenaka analoza beseni, mphuno atakwinya. "Chotsa ichi. Ine sadya nsomba yofa yokha. Edmond, tenga."

A Edmond anawerama, ananyamula beseni, n'kutsika masitepe osayang'ana munthu.

Pobwerera ku damu Fulansisi ankalira, ndipo zinkamukwiyitsa kuti akulira.

"Amalume, awapatsa! Apha okha, anama, ndiye awapatsanso adye!"

"Ndaona."

"Ndiye mungoti ndaona?"

A Yosefe anaima, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akumuona koyamba. "Chingerezi chonse chija unkachisunga kuti?"

Fulansisi anapukuta mphuno ndi mkono.

Masana mphepo inachokera kumakomboni, ndipo fungo la nsomba yokazinga linafika mpaka pa damu. Linkachokera ku nyumba ya malata ya kalaliki. Fulansisi analavula malovu. A Yosefe anakhala chofulatira mphepoyo, anatulutsa tupa ndi mbedza ziwiri zatsopano, imodzi n'kumupatsa iye.

"Zikuluzikulu zija zatsala zitatu," anatero. "Mkuja ndi Lachisanu. Pala bwino, ndidzayesa ndi chala."