Fumbi pa Mkwatibwi wa Mvula

Bassou ananena kamodzi kokha, tambula ya tiyi ili m'manja: mvula ikapanda kugwa mwezi uno, akhoma chitseko n'kutsikira ku Agadir kukathyola tomato wa eni. Mkazi wake Tuda anamva bwinobwino. Mwamuna ameneyu sankadziwa kuopseza, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anamulasa.

Tuda sankafuna kuchoka m'mudzi wa m'phiriwo. Mitengo ya amondi inali itauma, balere anali atapsa asanamere bwino, koma kuseri kwa mzikiti kunagona mwana wake mmodzi yekhayo, Assou. Lachisanu lililonse ankadzimana madzi akumwa kuti akathire pamanda pake.

M'mawa mwake anatenga chipande chachikulu cha msuzi, nachimangirira ku bango, nachiveka mpango wofiira wa paukwati wake ndi mikanda yasiliva. Umu ndi mmene akazi akwawo ankapemphera mvula chikhalire. Chipande chovekedwacho ndiye mkwatibwi wa Anzar, mwini mvula; amayenda khomo ndi khomo atsikana akuimba, ndipo nyumba iliyonse imamuwaza madzi. Chimene wawazidwa ndicho amakapempha kwa mwamuna wake kumwamba.

"Zidole paukalamba uno?" anatero Bassou. "Akakuona shehe uziti chiyani?"

"Shehe wake uti? Uja anathawira ku Marrakech ndi mbuzi zake zomwe?"

Atsikana oimba kunalibe, onse anapita ndi makolo awo. Tuda ananyamula yekha mkwatibwiyo. Kwa a Haddou anapeza loko. Kwa a Moha loko, ndi mtembo wa galu utauma pakhomo. Anaimbabe pa zitseko zokhomazo, manyazi atamugwira ngakhale panalibe womuona.

Utsi unkatuluka m'nyumba imodzi yokha, ya Hadda, mkazi wamasiye amene anatsala chifukwa miyendo inamukana.

"Iwe Tuda, wazungulira mutu? Mkwatibwi wopanda operekeza, ngati wobedwa!"

"Ingomuwazani, achemwali. Madontho okha."

Hadda anakoka chigubu chake nachipendeketsa. Galimoto yamadzi inali isanakwereko masiku ambiri, ndipo pansi pa chigubucho panangotsala oti n'kunyowetsa kukhosi. Tuda anaona milomo yong'aluka ya mayiyo, mtima unamupweteka.

"Asiyeni. Imwani inuyo."

"Mkwatibwi sabwerera pakhomo panga chimanjamanja," anatero Hadda. Anawerama movutikira natapa dothi lapakhomo. "Madzi akasowa timasamba ndi dothi n'kupemphera, Mulungu amalandira. Nayenso alandire."

Tuda asanamugwire dzanja, fumbi linali litagwera kale pa mpango wofiira uja.

Hadda sankanyoza. Bwenzi zili bwino akananyoza, Tuda akanapeza womukalipira. Anangoyang'anana akazi awiriwo, ndipo nkhope ya Hadda inagwa atazindikira chimene watuma mkwatibwi kukapempha.

"Mayo ine, Tuda, ndachita chiyani?"

"Palibe, achemwali. Mwapereka chimene tili nacho."

Masana mphepo inauka kuchokera kuchipululu, yotentha, yofiira, n'kuphimba dzuwa. Mwina ikanabwerabe, nyengo yake inali yomweyo, koma Tuda sanafunenso kudzinamiza. Chiyembekezo chinamuthera pomwepo.

Anavula chipande chija zovala zake n'kuchiponya m'thumba la katundu limene Bassou anali atayamba kale kulongedza. Mpango anapita nawo kuseri kwa mzikiti, naumangirira pa mwala wa kumutu kwa Assou. Bassou anamupeza ali chogwada pomwepo, mchenga uli m'mano.

"Tiye, mkazi wanga," anatero mofatsa, pofuna kumutonthoza. "Kumeneko madzi amangotuluka pampopi. Sudzamvanso ludzu."

Tuda anasalaza dothi louma la pamandapo ndi chikhatho.

"Ine ndidzamwa," anatero. "Nanga uyu Lachisanu adzamuthirira ndani?"