Fyuzi ya Sikuta ya Malemu

"Ababa, munthu akamwalira katundu wake amapita kuti?" Mwana wamkazi anafunsapo zimenezi kale. Bambo ake anaseka n'kuti, "Amapita kwa amene wabwera ndi galimoto."

Bambowo atangoikidwa m'manda, galimoto inabweradi, ya mkulu wawo. Munalowa wailesi, nsapato, matiresi. Jekete la malemu analivaliratu, thukuta n'kulinyowetsa m'khwapa. Chinatsala ndi sikuta, kanjinga kamoto kamene malemu ankaperekezera mkazi wawo m'mawa uliwonse kuntchito yochapa zovala, kutali kumene basi sifikako. M'galimoto sinakwane. Inafunika kuilizitsa, koma chopondera chake chinathyoka kalekale, ndipo batani la sitata linangoti zii.

Mkuluyo anadina, anatukwana, anachotsa batire ya galimoto n'kulumikiza. Zii. Anapukutira manja a girisi pa nsalu yomwe mayi wamasiye anayanika pachingwe, n'kulavula pafupi ndi mapazi awo.

"Alamu, kaitaneni aneba anu okonza mawailesi aja. Ine ndili ndi ulendo."

Nebayo anabwera ndi kamita kake koyezera magetsi. Ataona jeketelo anayang'ana kumbali.

"Hutala ikulira?"

"Palibe."

"Magetsi?"

"Inu, ndati palibe! Mng'ono wangayu ngakhale chinthu chake chomwe sankachisamala."

Nebayo anayeza batire, inali ndi moto wokwanira. Anagwira buleki n'kudinanso batani, anapala dzimbiri pa mitu ya mawaya, kenako anatsata waya wofiira mpaka pa kabokosi ka fyuzi. Atatsegula anapeza mulibe kanthu. Fyuzi sinapse, inachita kuchotsedwa.

Anadzutsa mutu. Mayi wamasiye anali ataima pakhomo, dzanja lina atafumbata zolimba pachifuwa. Anayang'anana. Nebayo anali munthu wa kutchalitchi, wosazolowera bodza. Mkuluyo anayamba kugwedeza makiyi. Nebayo anatseka kabokosi kaja.

"Yapsa yonse m'kati. Sitata, mawaya, zonse. Mukaikakamiza ikuyakirani pakati pa miyendo."

Mkuluyo anadumphira m'mbuyo. "Chitsulo chachabechabe! Alamu, chikhale chanu chimenecho, muziyanikapo zovala." Potuluka anatenganso pampu ya matayala.

Fumbi litatha, mayiyo anatambasula dzanja. Kafyuzi kanali katasiya chidindo m'chikhatho.

"Anandiuza ali kuchipatala," anatero. "Akuti, 'Ndikangotseka maso, uchotse kameneka usanayambe kulira. Akulu anga ndikuwadziwa.' Ndinawakalipira, aneba. Koma ndinachotsa."

"Nanga aziyendetsa ndani?"

"Amandiphunzitsa Lamlungu, kubwalo la sukulu. Iwo n'kumathamanga pambuyo atagwira mpando, munthu wodwala chifuwa. Kukhota ndiye sindinafikepo. Ndikapanda kuonekera kuntchito sabata yamawa, alemba wina."

Nebayo anabwezera fyuzi, n'kukhala pampando. Anagwira buleki, anadina. Sikuta inatsokomola kamodzi n'kulira. Atayang'ana pa magalasi kuti aone kumbuyo, anangoona lamba wake. Malemu anali munthu wamtali ngati iye. Magalasi onse awiri anali atapindidwira pansi, pa msinkhu wa mkazi wake wamfupi uja, n'kumangidwa ndi sipanala kuti asasunthe.

Sanawakhudze. Anazimitsa injini n'kutsika.

"Lamlungu tikangoweruka kutchalitchi, mundipeze kubwaloko. Ndibwera ndi mayi a kunyumba, anthu angatinene."

"Muthamanga inu, ndi mimba imeneyo?"

"Ndithamanga, aneba. Sindisiya mpando mpaka mutadziwa kukhota."