Ndege ya Malata pa Denga la Mkamwini

A Feston Namakhwa ankakhoma ndowa pamsika wa Balaka, ndipo ndowa zawo sizinkadontha. Chimene chinkadontha ndi pakamwa pawo. Ukangolakwitsa n'kuyang'ana kumwamba uli pashedi pawopo, basi waputa nkhani ya Nyalugwe, ndowa yako uitenga dzuwa litapendeka.

Nyalugwe inali ndege yankhondo ya Apwitikizi. A Feston anakhala zaka zinayi pabwalo la ndege ku Nacala nkhondo ya ku Mozambique isanathe, ndipo ntchito yawo inali kutsuka ndegeyo ndi sopo ndi chiguduli. Dzinali linachokera pa chilombo chamawangamawanga chimene chinajambulidwa m'nthiti mwake. Anabwerako mu 1974, koma mtima anausiya komweko. Masana ankasonkhana ndi a Bakari, telala wa pafupi nawo amene anangoiona ndegeyo kamodzi ikudutsa, n'kumakumbutsana kukongola kwake. Achinyamata a chipani ofunsa makadi akamadutsa, awiriwa ankayamba kukamba za mtengo wa malata.

"Inalibe chopukusa kutsogolo ngati tindege ta ku Chileka iti," ankatero a Feston. "Kukamwa kokha, yasa! Ikadutsa umaiona kaye, mkokomo ukubwera pambuyo."

Mu 1979 mphwawo Lyford, mwana wa mlongo wawo, anakwatira Judith wa ku Nayuchi, ndipo a Feston ndiwo anaimira ngati nkhoswe. Mnyamatayo anapita kuchikamwini, nalima munda wa apongozi ake osawiringula, namanga nyumba yake pamalo amene anamulozera. Atamaliza kufolera, atsibweni ake anamukhomera mphatso. Munthu wanzeru akanakhoma ndowa kapena mbaula. Iwo anakhoma Nyalugwe yotalika ngati mkono, ya malata atsopano, mapiko opendekera kumbuyo. M'kamwa mwake anaikamo khosi la botolo kuti mphepo ikalowa izilira. Lyford anaikweza pansungwi pamwamba pa denga, chifukwa mphatso ya atsibweni sakana.

Patangotha sabata ziwiri kunabwera uthenga pa sitima: nkhoswe ya kuchimuna ifike msanga, banja lili m'madzi.

A Feston anasintha sitima pa Nkaya ali wolusa. Ankadziwa kuti mkamwini sayankhulana ndi apongozi ake maso ndi maso, choncho dandaulo lililonse limadzera kwa ankhoswe. Njira yonse ankakonza mawu odzudzulira Lyford, poganiza kuti mwina wayamba mowa. Sizinawafike m'mutu n'komwe kuti mlandu akukauweruzawo unali wawo womwe.

Anapeza mphasa zitayalidwa kale pansi pa mtengo wa mango. A Blasius, nkhoswe ya kuchikazi, anawapatsa moni wouma. Mayi Sabina, mlongo wa a Blasius ndiponso mayi ake a Judith, anakhala chofulatira nyumba ya mkamwini wawo. Lyford anali chapatali atazyolika, ndipo Judith, amene mimba inali itayamba kuoneka, anakhala pakati ngati sakudziwa mbali yoti atsamire.

"Sitichulutsa mawu," anayamba a Blasius. "Mphwanuyu watiikira chinthu padenga. Chiyambire tsiku limenelo alongo angawa sadya, sapita kumunda. Mphepo ikawomba amathamangira kunsi kwa nkhokwe, munthu wamkulu ngati ameneyu. Tamutumira mawu kuti achitsitse, iye akuti sangakhudze mphatso ya atsibweni ake iwo asanalole. Ndiye mutiuze, mwabwera kudzakwatira kapena kudzatiseka?"

A Feston anaseka, ndipo kumeneko kunali kulakwa koyamba.

"Zoona mwandikweretsa sitima chifukwa cha chidole? Amene aja ndi malata, achimwene. Ndege yeniyeniyo mukanaiona! Ine ndaisambitsa ndi manja angawa zaka zinayi."

Mayi Sabina anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwati munkaisambitsa?"

"Eya, mayi. M'mawa uliwonse."

"Ikamachoka kapena ikabwerako?"

"Konse kuwiri."

"Ikamachoka inkanyamula chiyani kunsi kwa mapiko?"

A Feston anakanda m'mutu. "Zinali ngati migolo yosongoka. Ife sizinkatikhudza zimenezo."

"Nanga ikabwerako?"

"Inkabwera yopepuka," anayankha, mawu atayamba kuchepa. Anakumbukira mmene ankaombera m'manja ikamatera yopanda kanthu, poti imatera mokongola kuposa ikalemedwa.

Mayi Sabina anavula mpango umene unali paphewa. Kuyambira m'khosi mpaka m'chigongono khungu linali lokwinyika, lonyezimira ngati pulasitiki yopsa.

"Migolo yanuyo inatsikira kwathu, kutsidya kwa malire uko. Tinali kupeta mapira. Judith uyu anabadwa mapasa, mnzake anali Matilda. Uyu ndinamutuma kumadzi, Matilda ndinamuuza kuti akhale aziingitsa nkhuku. Moto umenewo suzima ndi madzi, bambo. Ndinayesa. Tinathawira kuno opanda ngakhale lichero, ndiye lero ndidzuke m'mawa ndipeze chomwecho chitatera padenga la mwana wanga wotsalayo, chikulira?"

A Feston anamva manyazi, inde, koma pansi pa manyaziwo panali mkwiyo, chifukwa chinthu chokhacho chimene chinawapatsa ulemu pamoyo wawo chinali kupondedwa pamaso pa anthu.

"Pepani kwambiri, mayi. Komatu ndege siilakwa. Wolakwa ndi woyendetsa."

"Tamverani!" anakuwa a Blasius, akuimirira. "Akuiikira kumbuyo! Inu, mukudziwa kuti ndikangopita kwa apampando a chipani n'kunena kuti kuno kwabwera munthu wotamanda zida za nkhondo pamalire pano, simukagona ku Balaka?"

"Iyayi, achimwene, khalani pansi," anatero mayi Sabina. "Za chipani zisalowe. Mnyamatayu ndilibe naye chifukwa, amalima bwino. Koma nkhoswe ndiye mutu wa banja. Atsibweni akewa akwere okha, achitsitse, achiphwanye ine ndikuona. Ndikaona kuti chawanyansa ngati mmene chimandinyansira ine, banja lipitirira. Apo ayi, atenge mwana wawo."

Lyford anadzutsa mutu koyamba. "Atsibweni, chonde."

Panalibe chovuta apa. Makwerero anabwera, nyundo inabwera, mwala unali pomwepo. A Feston anakwera, nazula nsungwi, natsika nayo ndege ija bwinobwino osaigunditsa paliponse. Anagwada pamwala paja n'kuiika. Mumtima anali atagonja kale: aphwanye, mwana akhale pabanja, nkhani ithe. Anaona Judith akupumira m'mwamba, dzanja lili pamimba.

Koma sabata ziwiri padenga si masewera. Fumbi la ku Nayuchi linali litakuta mapiko, ndipo mbalame inali itasiya chitosi pamphuno penipeni. Dzanja lamanja linagwira nyundo. Lamanzere, lopusalo, linachita zimene linazolowera zaka zinayi: linakoka m'munsi mwa malaya n'kupukuta chitosicho, kenako phiko lonse, kuchokera kumizu mpaka kunsonga, mofatsa ngati mayi akupukuta mwana kumaso. Malata anawala. A Feston sanadziwe n'komwe kuti akumwetulira.

"Mwaona?" anatero mayi Sabina, osakweza mawu. "Akuisambitsa."

Nyundo inatsika pamenepo, kamodzi, kawiri, kakhumi. Botolo linasweka, mapiko anapindika, a Feston anamenya mpaka chala chinatuluka magazi, akufuula kuti onani, onani, ndaphwanya. Koma mayi Sabina anali atafunda kale mpango wawo, akulowera kuseri kwa nyumba. Judith anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kutsatira mayi ake.

A Blasius analowa m'nyumba yatsopano ija, natulutsa bulangete, khasu ndi kasutikesi ka Lyford, naziika pamphasa.

"Sitima imanyamuka dzuwa likafika apo," anatero, akuloza kumwamba. "Mwana akadzabadwa tidzakutumizirani mawu."

M'sitima Lyford anakhala moyang'anana ndi atsibweni ake, kasutikesi kali pamiyendo. Sitima inawoloka Shire pa Liwonde. A Feston anayesa kutsegula pakamwa kangapo, koma kwa nthawi yoyamba pamoyo wawo munalibe nkhani. Atayandikira Nkaya, mnyamatayo anapisa m'thumba n'kutulutsa kachidutswa ka phiko kamene anatola pamwala paja. Anakaika pabondo la atsibweni ake.

"Tengani," anatero. "Pano pokha ndi pamene simunapukute."