Khoma la ku Berlin ndi khitchini ya malume

Malume anga, a Blasius, akhala akukonza mawailesi pa Ulongwe kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo nkhani zonse zimene zinadutsa m'mawailesiwo zinatsalira m'mutu mwawo. Kukumbukirako si vuto ayi. Vuto n'lakuti kwa iwo palibe chinthu chimene chimachitika pachokha. Mvula ikachedwa, akuti ndi Azungu aja anakaponda mwezi mu 1969. Nkhuku zikatha ndi chitopa, akuti ndi utsi wa fakitale ina imene inaphulika ku Chernobyl. Pa Ulongwe ponse amawaseka, ndipo oitanira minibasi anawapatsa dzina loti a Nkhani Zakunja.

Ine sindinkaseka nawo, chifukwa malumewa ndiwo mwini mbumba kwathu. Iwo akapanda kuvomera, chinkhoswe palibe. Mkulu wanga Maness akudziwa bwino zimenezi. Mnyamata wake woyamba analephera kudzigwira atamva za mwezi zija, n'kuseka, ndipo malume anangomukumbutsa mwaulemu kuti minibasi za ku Balaka zimaima pamsewu pomwepo.

Tsono nditapeza wanga, Jasten wa ku Nsanama, mmisiri womanga nyumba, mtima unali m'mwamba. Mwambo umati atsibweni ake ndiwo abwere kudzafunsira mbeta, koma malume salola zimenezo asanamuone mwiniwakeyo ndi maso awo. Ndipo Jasten wangayo ali ndi matenda amodzi: bodza limamukanika ngati mmene mbuzi imakanira chingwe.

"Ungovomera chilichonse," ndinamuuza tikutsika minibasi Loweruka m'mawa. "Akati dzuwa likutentha chifukwa cha nkhondo ya Hitler, iwe uziti zoonadi bambo."

"Nanga akanena zabodza, Ophelia?"

"Uzigwedeza mutu basi! Ukufuna ukwati kapena ukufuna kupambana mtsutso?"

Tinawapeza pakhonde, atazunguliridwa ndi mawailesi akufa. Jasten anagwada bwino, n'kupereka moni ndi manja awiri. Za mwezi zinabwera, iye anagwedeza mutu. Za nkhuku zinabwera, anameza malovu n'kugwedezanso. Ndinayamba kupuma bwino, mpaka kuganizira mtundu wa chitenje cha pachinkhoswe.

Kenako malume analoza kuseri kwa nyumba, kumene khoma la khitchini yawo linali litagona pansi chigwereni ndi mvula ya mu Febuluwale.

"Inu achimwene, ndamva kuti ndinu womanga. Mukuliona khoma lija? Chigwetsereni khoma la ku Berlin mu 1989, simenti ya dziko lonse inafooka. Makoma onse anaona kuti kugwa n'kotheka."

Ndinamuponda Jasten chala. Sizinathandize. Anadzuka, n'kupita kukatola chibuma chimodzi, n'kuchifikisa ndi zala mpaka chinayoyoka.

"Iyayi bambo, pepani. Umu simenti mulibe n'komwe. Amene anamanga anakuberani, anangothira mchenga. Maziko akenso ndi osafika ngakhale pabondo."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika n'kundimeza. Ndinakwiya, ndinenedi, ndipo ndinamuyang'ana munthu ameneyu n'kumadzifunsa kuti kodi ku Machinga konseko anyamata odziwa kutseka pakamwa anatha? Malume anavula magalasi pang'onopang'ono n'kuwaika pamwamba pa wailesi.

"Ndiye mukuti khoma la ku Berlin silinakhudze kanthu kuno?"

"Sindinatero bambo. Simenti silinaikhudze. Koma ineyo linandikhudza."

Malume anamuyang'anitsitsa. "Inuyo? Munali mutabadwa?"

"Ayi, ndipo likanapanda kugwa sindikanabadwa n'komwe."

Apo Jasten anakhalanso pansi n'kufotokoza nkhani imene ngakhale ine ndinali ndisanaimvepo. Mayi ake, a Lukiya, ndi a ku Mozambique. Anathawa nkhondo ali mtsikana, n'kulowera pa Nayuchi atasenza kamtolo ka zovala, n'kudzakhala kwa achibale ena kufupi ndi Nsanama. Kumeneko kunali mnyamata wogulitsa matemba pamsika, amene ankawawonjezera basera yoposa matemba ogulawo. Zaka zinayi zathunthu basera yokhayokha, koma mawu oti ndakukonda osatuluka. Anali wamanyazi koopsa.

"Mayi amati nkhondo ija inkasonkhezeredwa ndi mkangano wa mayiko akuluakulu," anatero Jasten. "Khoma lija litagwa, osonkhezerawo anayamba kutopa. Mu 1992 anthu anasayinirana mtendere, ndipo othawa nkhondo anayamba kubwerera kwawo. Mayi nawo anamanga katundu. Bambo anga, mnyamata wa matemba uja, atamva kuti mawa akunyamuka, anasiya matemba padzuwa, agalu akudya, n'kuthamanga mtunda wonse osavala nsapato. Atafika anangoti, 'Mukapita, basera ndizipatsa ndani?' Mayi anamasula katundu. Ine ndine woyamba kubadwa. Khomalo likanakhala chiimire, bambo bwenzi mpaka lero akuthira basera."

Ine ndinaseka, koma nditacheuka ndinaona kuti malume sakuseka. Anatenga magalasi aja, n'kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavala, n'kuwavulanso. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo misozi ili m'maso, ndipo ndinawamvera chisoni. Ndinazindikira kuti kusekedwa kuja kunkawapweteka, kungoti sankanena.

"Tabwerezani," anatero ndi mawu otsika. "Berlin, kenako mtendere, kenako katundu, kenako matemba, kenako inuyo?"

"Eya bambo, ndi momwemo."

Malume anadzuka ngati mnyamata n'kukuwira kumsewu. "A Mahmudu! A Mahmudu, tasiyani makinawo mubwere kuno!" A Mahmudu ndi telala woyandikana nawo, amene wakhala akuwatsutsa tsiku ndi tsiku kwa zaka zosawerengeka. Anabwera tepi ili m'khosi, ndipo Jasten anafotokozanso nkhani yonse. Anabwera mayi wogulitsa zitumbuwa, anafotokozanso. Pofika masana anali ataifotokoza kasanu, mawu atasasa, ndipo a Mahmudu anavomera monyinyirika kuti pamenepa pokha a Blasius anena zoona.

Anthu atabalalika, ndinasendera pafupi n'kugwada, chifukwa nkhani imene tinabwerera inali isanakhudzidwe n'komwe.

"Malume, nanga atsibweni ake a Jasten tikawauze chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Iwe Ophelia, zaka makumi atatu anthu akundiseka pamsika pano kuti ndilibe umboni. Lero umboni wabwera wokha, woyenda ndi miyendo, wavalanso jekete. Ndiye ukuganiza kuti ndingauleke ukakwatire kumudzi kwina? Mukawauze abwere Loweruka likubwerali, ndipo asachedwe."