Tsiku Limene Mayi Alefa Anapita Kukagula Mwana Wawo

Nkhaniyi inawapeza mayi Alefa ali m'munda wa tiyi, dengu kumsana, zala zili kalikiliki kuthyola masamba. Anabwera nayo ndi Joice, mnzawo wa mzere umodzi, amene nkhani siigona m'kamwa mwake ngakhale itafika yotopa.

"Amake Hopewell, mwamva? Mwana wanu akumugulitsa."

"Akumutani?"

"Kumugulitsa! A ku Blantyre abwera ndi ndalama. Loweruka komiti ikhala pansi."

Pomwepo dengu linalemera ngati wina wathiramo miyala ya mu Ruo.

Hopewell anali mwana yekhayo wotsala. Atatu enawo anagona kumanda a pa esiteti, pafupi ndi bambo awo a Isake. Ndipo mpira ankautha mnyamatayo, osati zocheza. Anzake a timu ya Masamba ankangouponya m'mwamba osayang'ana n'komwe, iye n'kuulandira pachifuwa, mpira n'kugona phee ngati khanda lokhuta. Kenako chigoli. Mayi ake malamulo a mpira sankawadziwa. Anthu akangodzuka ndi phokoso, iwo ankalulutira basi, nthawi zina ngakhale chigolicho chili cha adani.

Koma mawu akuti kugulitsa ankawadziwa bwino. Agogo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa kumangidwa chingwe m'chiuno n'kutengedwa kukagwira ntchito kutali, ndipo mpaka imfa yawo ankanena kuti munthu wotengedwa chotero sabwerera.

Loweruka m'mawa mayi Alefa anamasula mbuzi yawo, imodzi yokhayo, anasenza thumba la nandolo, ulendo wa ku holo ya esiteti. Mbuzi nayo inalibe manyazi. Itangolowa inapereka moni wake pansi, timibulu takuda mbwee mpaka pa nsapato za tcheyamani.

M'katimo munali mutatentha kale. A Fanuel, kochi wa timu, anali chiimire.

"Mukwezereni malipiro mwanayu akhale! Akachoka tizigoletsa ndi chiyani? Ndi mimba yanuyo?"

"Mimba yanga muisiye, a kochi," anayankha a Chester, tcheyamani, amenenso ndi kalaliki wa ku fakitale. "Tikamupatsa zimene akulonjeza a ku Blantyre, anyamata enawa azisewera chosavala nsapato. Mwaiwala kuti ku Thuchila tinapita pa lole ya nkhuni? Tikamugulitsa, timu ipuma ku mavuto a ndalama zaka ziwiri."

Mayi Alefa anatula thumba, n'kugwada.

"Zikomo mabwana. Ndamva kuti kuno kuli msika, ndiye ndabwera kudzagula."

"Kudzagula chiyani, mayi?"

"Mwana wanga. Ngati ali pamalonda, woyamba kugula ndikhale ine amene ndinamubereka. Mbuziyi ili ndi bere, muwerenge ziwiri. Nandoloyu ndi basera."

Holo yonse inafa nacho chiseko. Wina mpaka anagwa pa benchi. Koma mayiwo sanaseke, anangogwira chingwe ndi manja awiri, ndipo chiseko chija chinayamba kuzima chokha, mmodzimmodzi, mpaka kunangotsala mbuzi ikutafuna ngodya ya nsalu ya patebulo.

A Chester anatsokomola. "Mayi, simunamvetse. Sitigulitsa munthu ayi. Timagulitsa pepala lake, chilolezo chosewerera."

"Oho. Ndiye pepalalo likapita ku Blantyre, iyeyo atsala?"

"Ayi... apita nalo."

"Nanga mukundiphunzitsa chiyani, bambo?"

A Chester anangoti tiyeni tikweze manja. Ofuna kuti Hopewell akhale anali a Fanuel okha. Mayi Alefa anakweza manja onse awiri kuti awonjezere, koma anauzidwa mwaulemu kuti si a komiti.

Panja anamupeza Hopewell atatsamira mtengo wa bulugamu, maso ali pansi. Mnyamatayo anawalandira thumba lija.

"Usadandaule mwanawe," anatero mayi ake. "Ndipita kwa bwana wamkulu wa esiteti. Ndikagwada mpaka mawondo atuluke magazi."

"Amayi, musapite."

"Chifukwa?"

"A ku Blantyre aja ndinawaimbira foni ndine."

Mbuzi inakoka chingwe, koma mayiwo sanasunthe.

"Miyendo siikhalitsa, amayi. Ndikadzathyoka kuno, mawa lake adzandipatsa dengu. Ababa analisenza mpaka tsiku lomwe anagwa nalo. Inu mukulisenzabe."

Mayi Alefa anayang'ana zala zawo zakuda ndi utomoni wa tiyi, zong'ambikang'ambika ngati nthaka ya mu Okutobala.

"Ndiye kuti kumsikako unadzipititsa wekha."

"Ndizibwera, amayi. Ku Blantyre si kutali."

"Eya," anatero. Nawonso agogo aja ankati ku Mozambique si kutali, koma anafa osakuonanso.

Tsiku la msika wa pa Milonde, mayi Alefa anaikokanso mbuzi ija. Anati mwana wawo sangakatsike m'tauni ndi zovala za mu jumbo ngati wothawa kwawo. Pafunika chikwama chenicheni, chokhala ndi zipi, ndi jekete. A Fanuel anakumana nawo panjira, anavula chipewa, n'kuwapatukira kuti adutse.

Wogula anali bambo wina wonenepa wa butchala. Anaiyasamulitsa mbuzi kuona mano. Anaitsina pamsana, anaikweza mwendo uwu ndi uwo. Mayi Alefa ankangoyang'ana, akudzifunsa ngati a ku Blantyre nawonso amayesa chomwechi. Kenako bamboyo anaigwira pachifuwa n'kufinya.

"Pamenepo pang'onopang'ono, bambo," anatero mayiwo.

"Mayi, ndi mbuzitu iyi."

"Ndikudziwa."

Anagula chikwama chakuda ndi jekete yapakaunjika, yaikulu pang'ono, kuti mwina kumeneko akanenepa. Wabutchala uja anawabwezera chingwe, poti anali ndi chake. Mayiwo anachikulunga kudzanja, n'kuyamba kukwera njira ya ku esiteti, chikwama chopanda kanthu chili pamutu. Njira yonse dzanja lija linkatsalira m'mbuyo, ngati pali chimene akukoka.