Foni ya M'thumba la Jekete

A Jailosi adatembenuza katoni ija n'kuigwedeza. Mudagwa timawaya, tibatire totupa ndi mphemvu imene idathawira pansi pa mphasa. Foni imene ankaifunayo mudalibe.

"Zonse ndi zomwezi, alamu?" adafunsa.

"Ndi zomwe achotsa ku shopu," adayankha Ndaziona osadzutsa mutu.

Dzulo lake adali ataika maliro a Nedson, mwamuna wa Ndaziona, mng'ono wawo wa a Jailosi. Nedson ankakonza mafoni pa Nsaru, m'kashopu ka malata pafupi ndi poimira maminibasi, mpaka tsiku limene lole ya fodya idagunda njinga yamoto imene adakwera pochokera ku tauni kokagula zipangizo. Kumanda, woimira banja adalengeza kuti aliyense amene adasiya foni kwa malemu afike kunyumba adzatenge yake, poti katundu wa eni sagawa pamaliro. Ndiye kuyambira m'mawa anthu ankangobwera, ena ndi nkhope zachisoni, ena ndi nkhope za munthu amene wakumbukira ali kumunda kuti sadatseke nyumba.

Vuto lidali loti Nedson sankalemba maina pa mafoni, ankangosunga m'mutu, ndipo mutuwo tsopano udali kumanda. Ndaziona adayala mphasa pakhonde, n'kundandalika mafoni onse, n'kunena kuti mwini foni adziwika poitsegula.

Womaliza kutenga yake adali Che Rashidi, mwini golosale yoyandikana ndi kashopu ka Nedson. Atayamba kulemba nambala yawo yachinsinsi, anthu amene adakhala pakhondepo adatalikitsa makosi. Che Rashidi adaphimba foniyo ndi dzanja, n'kuseka kaphwete kopanda chimwemwe.

"Akadakhalapo Nedson, bwenzi pano atatembenukira kukhoma," adatero. "Anzake okonza mafoni aja amakufunsa nambala, iwe n'kumapita, kusiya moyo wako wonse m'manja mwawo. Koma Nedson ayi. Akafuna kuyesa ngati foni yachira, amakukhazika pa benchi, kukupatsa, iye n'kuyang'ana malata, kumang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kwanu mpaka unene kuti wamaliza. Ine ndimamuseka, ndimati Nedson, khomalo lakulakwira chiyani? Iye amvekere, Che Rashidi, ine ndimakonza chitseko, kuchipinda sindilowa."

Ndaziona adapukuta maso ndi nsonga ya duku. A Jailosi sadaseke.

"Ulemu wina ndi wobisira zinthu," adatero, maso ali pa katoni.

Che Rashidi adaona kuti mphepo yasintha, adapepesanso maliro n'kunyamuka. Enanso adabalalika mmodzimmodzi.

Foni imene a Jailosi ankafuna idali ya mkazi wawo, Sara. Adamugulira okha atagulitsa fodya, n'kumayenda nayo nkhaniyo mudzi wonse. Koma posakhalitsa adayamba kudana ndi momwe Sara ankasekera nayo kuseri kwa khitchini, munthu amene m'nyumba sankaseka. Adamulamula kuti aitsegule, iye adazengereza, iwo n'kuimenyetsa pa mzati wa chigafa. Mkwiyo utatsika, chidwi sichidatsike. Adatola zidutswazo n'kupita nazo okha kwa mng'ono wawo kuti akonze ndi kuwatsegulira. Kuchokera nthawi yokolola mpaka mitambo ya mvula itayamba kuoneka, yankho la Nedson lidali limodzi: galasi lake silikupezeka.

Ndaziona ankadziwa pamene foniyo idali. Adzukulu atapempha suti yoveka malemu, iye adapisa m'matumba monga amachitira mkazi aliyense, ndipo m'thumba la mkati mwa jekete adapezamo foni yokulungidwa m'kampango, galasi lake latsopano lowala. Tsopano idali yomangidwa pa nsonga ya chitenje m'chiuno mwake, ikumukanikiza ngati mwala.

A Jailosi adakokera mpando pafupi. Adatsitsa mawu, ndipo akatsitsa mawu chotero ndi pamene ana awo ankathawira kwa eni.

"Alamu, adzukulu ali ndi maso. Akuti munatulutsa kanthu m'jekete."

Ndaziona adaganiza zonama, koma kutopa kudamulaka. "Ili ndi ine," adatero. "Mwini wake akabwera, nditsatira mwambo womwe uja. Aitsegule yekha, atenge."

"Mwini wake ndine. Ndinagula ndi thukuta langa."

"Foni munagula, alamu. Koma zimene zili mkatimo simunagule."

A Jailosi adamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka adamwetulira ngati munthu womvera mnzake chisoni.

"Mukulankhula ngati amuna anu, eti? Chabwino. Koma ndikufunseni, poti inu ndi ine tili m'madzi amodzi. Mafoni a anthu onse anali m'katoni ku shopu. Iyi yokha, ya mkazi wanga, inali kuchipinda kwanu, m'jekete la kutchalitchi, pafupi ndi mtima. Yokonzakonza, ine akundiuza kuti galasi kulibe. Kodi mng'ono wanga amateteza ndani, Sara kapena dzina lake lomwe? Inu simufuna kudziwa?"

Ndaziona adagwira nsonga ya chitenje m'chiuno mwake.

"Ku tauni kuli anyamata amene amatsegula foni iliyonse mwini wake ali kumudzi," adapitiriza a Jailosi akuimirira. "Mawa m'mawa ndikupita, ndiipeze ili pa tebulo. Ndipo musaiwale kuti za nyumba ino sitinakambe. Inu pano munabwera pa chitengwa, ndipo akuluakulu akamadzakhala pansi kuti akusudzuleni, adzamva kwa ine ngati muli munthu woti tingakhale naye."

Adapita kukathandiza amuna anzawo kukweza mabenchi a tchalitchi m'ngolo.

Ndaziona adalowa kuchipinda n'kukhala pansi, pamphasa imene amayi a Chigwirizano adamugoneka masiku a maliro. Mawu a mlamu wake adali atalowa, ndipo mawu oipa akalowa safuna mpando, amadzipezera okha pokhala. Adayamba kukumbukira zinthu zimene sadaziganizirepo. Tsiku lija Nedson adanyamulira Sara thumba la chimanga kuchokera kuchigayo. Tsiku lina adaima naye pa mjigo, osanena zimene adakambirana. Komatu Nedson sankanena kalikonse. Zaka zonse za banja lawo, Ndaziona ankamufunsa akaweruka kuti kodi lero waona zotani m'mafoni a anthu, iye n'kumangoti waona fumbi ndi madzi. Nthawi imeneyo zinkamukwiyitsa pang'ono, poti akazi a okonza mafoni ena ankadziwa amene ali ndi chibwenzi, amene ali pa mankhwala, amene akufuna kuthawira ku Joni. Lero kusalankhula komweko kudamuopsa. Munthu wosunga zinsinsi za Nsaru yense, zake angalephere kusunga?

Adamasula chitenje n'kutulutsa foniyo. Atadina pambali idayaka, n'kuonetsa timadontho todikira kuti mwini wake ajambulepo kanjira ndi chala. Ndaziona adayang'ana kuchitseko. Kenaka adajambula chilembo choyamba cha dzina la mwamuna wake. Foniyo idanjenjemera n'kukana. Manyazi adamugwira ngati wapezeka akusuzumira pabafa, koma mtima sudatsike, chifukwa kukanako sikudayankhe chilichonse. Adalira, ndipo sadadziwe ngati akulira Nedson kapena akulira kuti wayamba kumukayikira asanathe ndi sabata m'manda.

Dzuwa litapendeka, ngolo ya mabenchi itapita, Sara adagogoda. Ndiye ankasamalira namfedwa masiku onsewa, kumutenthetsera madzi ndi kumukakamiza kudya. Adalowa chogwada ndi mbale ya phala, mkazi wochepa thupi, wa kachipsera pamwamba pa diso kamene aliyense ankadziwa chiyambi chake koma palibe ankakatchula.

"Amake Chikondi, lawaniko pang'ono, simunadye chiyambire m'mawa."

Ndaziona sadagwire mbaleyo. Adaika foni ija pamphasa, pakati pawo.

Sara adaiyang'ana ngati njoka. Dzanja lake lidapita pakamwa.

"Amuna anu akuifuna mawa," adatero Ndaziona. "Akukaitsegulitsa ku tauni. Muli chiyani umu, amake Promise?"

Sara adayankha ndi mawu apansipansi.

"Muli pakamwa panga. M'nyumba muja ine sindilankhula, mukudziwa. Ndikati ndiyankhe, mbama. Ndiye ndimapita kuseri kwa khitchini, kujambula mawu, kutumizira achemwali anga ku Kasiya. Zonse ndimanena. Momwe amandimenyera, momwe ndimawatukwanira mumtima, tsiku lina ndinanena kuti bola akanafa. Sindimafuna kuti afe, kunali kupsa mtima, koma mawuwo alimo, ndi mawu angaanga. Achemwali anandiyankha kuti Promise akalemba mayeso ndithawire kwawo, ndipo ndinavomera. Akamva zimenezo, amake Chikondi, mudzayalanso mphasa za maliro pamudzi pano."

"Nanga bambo a Chikondi?"

"Anandipeza pa mjigo. Anati foni yachira, koma m'manja mwa achimwene awo saipereka ndisanaigwire ine. Anati ndikapeza mpata ndipite ku shopu, ndikatsegule ndekha, ndichotse zimene ndikufuna. Mpatawo sindinaupeze. Kumsika amapita nane, kutchalitchi amapita nane."

"Ndi zokhazo?"

Funsolo lidatuluka lisanapemphe chilolezo. Sara adadzutsa mutu, adamuyang'ana, ndipo pang'onopang'ono adamvetsa chimene akufunsidwa. Misozi idadzaza m'maso mwake, koma sadakwiye. Adali munthu wozolowera kuganiziridwa.

"Akuuzani zimenezo, eti?" adatero. Adasendera pafupi mpaka mapewa awo adagundana, n'kutola foniyo. "Khalani pompa. Nditsegula mukuona. Muwerenge zonse, mumvere zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Inu ndiye mwaferedwa, sindingakusiyeni ndi mtima umenewo."

Ndaziona adafuna. Adafuna ndi thupi lonse, monga waludzu amafunira madzi. Yankho lidali pomwepo, pansi pa galasi limene manja a Nedson adaika, ndipo likafufutidwa silidzabweranso. Nedson sadzadzuka kuti adziyankhire. Ndaziona adzakalamba ndi funsolo, lizidzamudzutsa nthawi zina, ndipo sipadzakhala womufunsa.

Chala cha Sara chidafika pa kadontho koyamba. Chinkanjenjemera. Ndaziona adachiyang'ana chalacho, ndipo adazindikira kuti chidanjenjemeranso chotero tsiku lija pa chigafa, a Jailosi ataima pamwamba pake. Wolamula yekha ndiye adasintha.

"Dikirani," adatero.

Sara adaima.

"Fufutani zonse nokha, mukamaliza muisiye pamphasa pomwepa. Mawa ndiwapatsa ndine. Akapeza mulibe kanthu, ndidzati ndine ndinaiseweretsa ndi chisoni, ndinadina zosadziwa. Inu simunaione, munangobweretsa phala."

"Sakhulupirira. Akuchotsani m'nyumba muno."

"Kwathu ku Nambuma aliko amayi. Kudya tizidzadya zomwe adya iwo."

"Nanga simuona?"

Ndaziona adadzikoka pamphasapo, n'kutembenuka thupi lonse mpaka msana wake udaloza kwa Sara. Patsogolo pake padali khoma losakulungiza bwino, ndi msomali umene jekete lija linkapachikidwapo, pansi pake pali chithunzithunzi choyera pamene fumbi silinkafika.

Kumbuyo kwake kudamveka kaphokoso ka foni ikutseguka, kenaka mawu a mkazi wina akuyamba kulankhula asanadulidwe msanga. Ndaziona adamva khosi lake likufuna kutembenuka lokha. Adaligwira ndi dzanja. Kenaka, ndi mawu osweka amene poyamba adakana kutuluka, adayamba kung'ung'udza nyimbo ija ya kutchalitchi, mokweza pang'ono kuti asamve za kumbuyo.

Sara adachedwa kumaliza. Nyimbo itatha, Ndaziona adaiyambanso, maso ali pa msomali.